Mwaye wa ku London

Khitchini ya agogo anga kumudzi inali ndi denga lakuda bii. Ndili mwana ndinkaganiza kuti pali mtundu wa mitengo umene umamera uli wakuda choncho, ndipo agogo aamuna anachita kusankha umenewo pomanga. Tsiku lina ndinakwera pa mtondo n'kukhudza phaso limodzi. Chala chinabwerako ndi zinthu zonanda, zonunkha utsi. Agogo anangoti, "Ndi mwaye umenewo, usapukutire ku malaya." Ankatsokomola ponena mawu amenewa, koma poti iwo ankatsokomola tsiku lililonse, palibe amene ankaziwerengera.

Masabata apitawa ndakhala ndikuwerenga mbiri ya mzinda umene unakhala ngati khitchini ya agogo ija kwa zaka pafupifupi 700. Mzindawo ndi London. Inde, London yemweyo amene anzathu amatitumizira zithunzi zake pa WhatsApp atavala majekete aatali.

Ndiyambe ndafotokoza mwayewo. Nkhuni, makala, malasha, dizilo, zonsezi zikamayaka sizipsa n'kutheratu. Pamatsala tinthu takuda ting'onoting'ono timene timauluka ndi utsi. Asayansi amatitcha black carbon, ndipo tili m'gulu la fumbi losalala kwambiri lotchedwa PM2.5. Nambalayo ikunena kukula kwake: kachidutswa kamodzi n'kochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Fumbi la mumsewu limakodwa m'mphuno, munthu n'kumina, nkhani yatha. Koma timeneti timadutsa, kutsika mpaka pansi pa mapapo, ndipo tochepetsetsa timatha kulowa m'magazi. Mtima ndi mapapo ndi amene amalipira.

London inayamba kusuta malasha kalekale, nkhuni zitayamba kusowa ndi kukwera mtengo m'madera ozungulira mzindawo. Malashawo ankabwera pa zombo kuchokera kumpoto, cha ku Newcastle. Amene anayamba kuwagwiritsa ntchito kwambiri anali osula zitsulo, ofulula mowa ndi owotcha laimu. Fungo lake linawanyansa olemera, ndipo mu 1306 Mfumu Edward I inalamula kuti anthu asiye kuwotcha malasha m'ng'anjo zawo. Wobwereza mlandu ankayenera kumugwetsera ng'anjo. Lamulo linalipo, chilango chinalipo. Koma wowotcha laimu uja akaŵerengetsera mtengo wa nkhuni ndi mtengo wa malasha, mfumu inkaluza. Malasha anapitirira kubwera, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1600 anali atalowa m'nyumba za anthu wamba, zophikira ndi zowothera.

Mu 1661 munthu wina wophunzira, John Evelyn, analemba kabuku kotchedwa Fumifugium n'kukapereka kwa Mfumu Charles II. Anadandaula kuti utsi ukudetsa matchalitchi, ukuwononga zovala, ukupha maluwa, ndipo anthu a mu London amatsokomola kuposa a kwina kulikonse. Maganizo ake anali oti ofulula mowa, opanga sopo ndi owotcha laimu asamutsidwire kumunsi kwa mtsinje wa Thames, kenako mzinda uzunguliridwe ndi minda ya zomera zonunkhira. Ndinaseka nditafika pa zonunkhirazo, ngati munthu wothira perefyumu pa malaya osachapa. Koma chimene chinandigwira mtima ndi chakuti Evelyn sanaloze chala moto wa m'nyumba. Kwa iye wolakwa anali wamalonda. Moto wa pakhomo unali wosalakwa. Kaganizidwe kameneka kanakhala zaka zina 300, ndipo kanapha anthu ambiri.

Kuti mwaye ndi poizoni zinadziwika msanga. Mu 1775 dokotala Percivall Pott anaona kuti amuna amene ankagwira ntchito yosesa m'machumuni kuyambira ali ana ankadwala khansa ya kumaliseche mochuluka modabwitsa. Anali ana aang'ono ndithu, olowetsedwa m'chumuni chifukwa ndi amene ankakwanamo.

Kenako inabwera nyengo ya mafakitale ndi sitima za pamtunda. Mu 1801 London inali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi; pofika 1901 anali atapitirira 6 miliyoni. Nyumba iliyonse chumuni, nyumba zina machumuni asanu, chipinda chilichonse moto wake. M'nyengo yozizira utsi unkasakanikirana ndi chifunga cha mumtsinje n'kupanga chinthu chachikasu, cholemera, chimene anthu ankachiyerekeza ndi msuzi wa nsawawa. Boma linakhazikitsa lamulo mu 1853 lolimbana ndi utsi wa m'mafakitale a mu London, malamulo ena anatsatira, koma onsewo ankazemba khomo la munthu. Mngelezi ndi moto wake wa pabalaza, wandale ankaopa kuyandikirapo. Ena mpaka ankakhulupirira kuti utsi umapha tizilombo toyambitsa matenda. Ndipo chifungacho chinasanduka chizindikiro cha mzinda, chonyadira nacho. Claude Monet, katswiri wojambula wa ku France, anabwera kangapo pakati pa 1899 ndi 1901 kudzajambula milatho ya pa Thames itamira m'chifunga, ndipo zithunzi zimenezo lero zimagulidwa ndalama zoti ine ndi inu sitingazitchule osachita chibwibwi. Mu 1905 dokotala wina, Henry Des Voeux, anatchukitsa dzina la chinthuchi polumikiza mawu awiri a Chingelezi, la utsi ndi la chifunga: smog.

Apa pali chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Akatswiri amene awerengetsera mmene mpweya wa London unalili m'zaka zimenezo amati utsi unafika pachimake cha m'ma 1890, kenako unayamba kutsika pang'onopang'ono, kulibe lamulo lililonse lokhudza nyumba za anthu. Chinachitika n'chiyani? Sitima zinapangitsa kuti anthu athe kukhala kutali ndi pakati pa mzinda, machumuni n'kumwazikana. Mbaula za gasi zinatchipa, makampani ankazibwereketsa, munthu n'kumangoponya kandalama mu mita kuti aphike. Mayi amene ankadzuka m'bandakucha kukoleza malasha anapeza chinthu chosavuta, n'kusiya yekha. Palibe anamuthamangitsa.

Ndiye tsoka la 1952 linagwa pamene zinthu zinali zikupita kwabwino kale, kungoti pang'onopang'ono kwambiri.

Linayamba Lachisanu pa 5 Disembala. Kunali kutazizira kwa masabata angapo, ndipo aliyense ankasonkhezera moto. Nkhondo yachiwiri inali itasiya dziko la Britain m'ngongole, moti malasha abwino ankagulitsidwa kunja, anthu a m'dzikomo n'kumawotcha zinyenyeswa zofuka kwambiri, zodzaza sulufule. Mu Julayi chaka chomwecho mzindawo unali utachotsa matiramu omaliza oyendera magetsi, m'malo mwake n'kuika mabasi a dizilo. Malo opangira magetsi ndi malasha, monga Battersea, anali m'kati mwenimweni mwa mzinda. Ndiyeno mphepo inaleka. Mpweya wofunda unakhala pamwamba, wozizira pansi, ngati chivundikiro pa mphika. Utsi wotuluka m'machumuni unkakwera pang'ono, kugunda chivundikirocho, n'kubwerera m'misewu. Ofesi yoona zanyengo ya ku Britain imati tsiku lililonse la masiku amenewo, matani 1,000 a tinthu ta utsi ankalowa mumpweya wa mzindawo, kuphatikizapo mpweya wa sulufule umene unkasanduka matani 800 a asidi.

Tangoganizani. Masana dzuwa osaoneka. M'madera ena munthu sankaona mapazi ake. Makondakitala ankayenda pansi kutsogolo kwa basi atanyamula miuni, mpaka mabasi anangoima. Maambulansi anaima, wodwala ankayenera kudziyendera yekha kupita kuchipatala, akupuma chomwecho chimene chamudwalitsa. Sitima za pansi pa nthaka zokha ndi zimene zinkayenda. Utsi unalowa m'nyumba. Ku holo ya Sadler's Wells sewero la nyimbo linaimitsidwa pakati chifukwa owonera sankaonanso nsanja. Pa chionetsero cha ziweto cha Smithfield ng'ombe zonenepa, zopikisana pa mphoto, zinayamba kubanika, zina zinafa, zina anachita kuzipha.

Koma anthu sanachite mantha. Ichi ndiye chondiopsa pa nkhani yonseyi. Chifunga anali atachizolowera, monga mmene ife tinazolowerera chifuwa cha agogo. Anthu sankagwa mumsewu ayi. Ankafera pa mabedi awo, nkhalamba, makanda, a chifuwa ndi a mtima, aliyense payekha, banja lililonse likuganiza kuti ndi maliro awo okha. Amene anayamba kuzindikira anali ogulitsa mabokosi a maliro ndi ogulitsa maluwa, katundu atawathera. Mphepo itabwerera pa 9 Disembala n'kuyeretsa kumwamba, anthu owerengera imfa anapeza kuti anthu pafupifupi 4,000 anamwalira kuposa mmene zimakhalira nthawi ngati imeneyo. Imfa zinapitirira kuchuluka mpaka miyezi yoyambirira ya 1953, boma n'kunena kuti chimenecho ndi chimfine. Patapita zaka pafupifupi 50, mu 2001, ofufuza awiri, Michelle Bell ndi Devra Davis, anabwerezanso masamu aja n'kupeza kuti chiwerengero chenicheni chinali pafupi ndi 12,000.

Ndipatukeko pang'ono. Pa nthawiyi n'kuti dziko lathu likulamulidwa kuchokera mumzinda womwewu, ndipo nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland inali ili mkamwamkamwa m'maofesi ake. Mmodzi mwa madokotala amene anali ndi chipatala chawo kumpoto chakumadzulo kwa London, ku Harlesden, anali Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anachoka kumeneko mu 1953 kupita ku Gold Coast. Kusukulu tinaphunzira za makalata ake otsutsa chitaganya. Za mpweya umene odwala ake ankapuma, palibe mphunzitsi anatiuzapo.

Boma la Winston Churchill silinathamange. Nduna yoona za nyumba ndi maboma aang'ono, Harold Macmillan, inkaona kuti malamulo amene analipo ndi okwanira, ndipo chuma cha dziko sichikanalola zambiri. M'nyengo yozizira yotsatira madokotala analoledwa kupereka timasiki kwa odwala mtima ndi chifuwa, ngakhale zinkadziwika kuti thandizo lake n'lochepa. Phokoso litakula, anachita zimene maboma onse amachita: anakhazikitsa komiti. Wapampando anali Sir Hugh Beaver, bwana wa kampani ya mowa ya Guinness, yemwe ujanso anayambitsa buku la Guinness la zinthu zoposa zonse padziko. Mwamwayi komitiyi sinagone. Lipoti lake la 1954 linanena mosapsatira kuti moto wa m'nyumba ndi umodzi mwa magwero aakulu a utsi. Phungu wina, Gerald Nabarro, anabweretsa bilu yakeyake ku Nyumba ya Malamulo, ndipo anaichotsa pokhapokha boma litalonjeza kubweretsa yake. Mu 1956 lamulo la Clean Air Act linakhazikitsidwa.

Anthu ambiri akamakamba nkhaniyi amathera pamenepa: kunagwa tsoka, kunabwera lamulo, kumwamba kunayera. Ine mbali imene yandikhalira m'mutu ndi ya ndalama. Lamulolo linapatsa makhonsolo mphamvu yolengeza madera oletsa utsi, zoona. Koma linanenanso kuti munthu akamasintha malo ake osonkhapo moto kuti agwiritse ntchito gasi, magetsi kapena malasha osafuka, azibwezeredwa magawo 7 mwa magawo 10 a ndalama zimene wawononga. Edward I anabwera ndi chikwapu chokha. A 1956 anabwera ndi chikwapu kudzanja lina, chikwama kudzanja linalo. Ndipo ngakhale zinali choncho, zinatenga nthawi. Mu Disembala 1962 chifunga china chinapha anthu pafupifupi 750 mu London. Lamulo lina linawonjezeredwa mu 1968. Chimene chinamaliza ntchito chinachokera pansi pa nyanja: gasi atapezeka ku North Sea, dziko lonse linasinthidwira ku gasi ameneyu pakati pa 1967 ndi 1977, amisiri akuyenda khomo ndi khomo kusintha mbaula. Moto wotchipa, waukhondo, wongotembenuza kabatani. Ndani akanalimbikira kunyamula ndowa ya malasha?

Tikudziwa bwanji kuti utsi unatsikadi? Njira yake inali yosavuta mochititsa manyazi. Kapampu kankakoka mpweya kudutsa pa pepala loyera kwa tsiku lathunthu. M'mawa munthu ankachotsa pepalalo n'kuyeza kuda kwa banga limene latsalapo. Banga lakuda kwambiri, mwaye wambiri. Kuyambira 1961 malo oyezera otere anafalikira m'dziko lonse, oposa 1,000, ambiri akuyang'aniridwa ndi makhonsolo. Chaka ndi chaka mabanga aja ankayererayerera. M'masiku oipitsitsa a 1952 utsi pakati pa London unapitirira mamaikulogalamu 4,000 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Patatha zaka makumi angapo, avereji ya pachaka inali itatsikira ku makumi ochepa chabe. Sindikudziwa chifukwa chake mapepala amenewa amandisangalatsa chonchi. Mwina n'chifukwa chakuti wina ankadzuka tsiku lililonse, kwa zaka, kukasintha kapepala, osadziwa kuti akulemba mbiri.

Anthu anaganiza kuti nkhani yatha. Mwaye unangosintha khomo lotulukira: unachoka pa chumuni n'kupita ku paipi ya galimoto, pamlingo wa mphuno ya mwana woyenda m'mbali mwa msewu. Ndipo tsopano sunkaoneka. Mu 1993 kafukufuku wa ku Harvard, amene anatsata anthu oposa 8,000 m'mizinda isanu ndi umodzi ya ku America kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti ngakhale mpweya wooneka woyera umafupikitsa moyo ngati uli ndi tinthu tosalala tija. Sipafunika chifunga cha masiku asanu. Pang'onopang'ono tsiku lililonse n'zokwanira. Koma mu 2001 boma la Britain, pofuna kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko, linasintha msonkho wa galimoto m'njira imene inakomera za dizilo, poti zimamwa mafuta ochepa. Anthu anamvera. Patatha zaka khumi, pafupifupi theka la galimoto zatsopano zogulidwa m'dzikomo zinali za dizilo. Mu 2012 nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Mu 2015 kunaululika kuti Volkswagen inkabera mayeso a utsi. Pothawa vuto lina anagwera m'linzake, ali ndi madigiri awo.

Mu 2013 mtsikana wa zaka 9 wa ku Lewisham, amene ankakhala pafupi ndi msewu wodzaza galimoto wa South Circular, anamwalira ndi mphumu atagonekedwa m'chipatala kambirimbiri. Mayi ake sanavomere kuti nkhani ithere pamenepo. Analimbana kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mu Disembala 2020 khoti lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa unathandizira kumupha. Anali munthu woyamba ku Britain kulembedwa choncho pa chikalata cha imfa. Anthu 12,000 a 1952 aja palibe ngakhale mmodzi analembedwa motero.

Mwaye wa dizilo nawonso unayamba kutsika. Galimoto zatsopano zinakakamizidwa kukhala ndi sefa yogwira mwaye, mabasi akale anasinthidwa, ndipo makina oyezera a pa Marylebone Road, umodzi mwa misewu yotanganidwa kwambiri, anaonetsa black carbon akutsika kwambiri m'zaka za m'ma 2010. Mu 2019 meya Sadiq Khan, amene iye mwini ali ndi mphumu, anayambitsa ULEZ: galimoto yakale yofuka ikalowa m'dera loletsedwa, mwini wake amalipira mapaundi 12.50 pa tsiku. Mu 2023 deralo linakula n'kukuta London yonse, ndipo kunali mkangano woopsa, ena mpaka kumaphwanya makamera. Odandaula ambiri anali anthu opeza pang'ono, amene galimoto yakaleyo ndiyo ofesi yawo. Sindingawanyoze. Funso lawo ndi lomwe lija la wowotcha laimu wa 1306: mukundiletsa ichi, nanga ndigwire chiyani? Pa 30 Sepitembala 2024 malo omaliza opangira magetsi ndi malasha ku Britain, a Ratcliffe-on-Soar, anatsekedwa. Battersea ija inaleka kufuka mu 1983. Lero muli mashopu ndi maofesi a Apple.

Tsono imvani izi, abale. Mmodzi mwa magwero aakulu a PM2.5 ku Britain masiku ano ndi nkhuni. Nkhuni zenizeni. Anthu opeza bwino, amene nyumba zawo zili kale ndi gasi ndi magetsi osazima, akugula mbaula zachitsulo zokongola n'kumawotha moto pabalaza chifukwa umaoneka bwino ndipo umakumbutsa zakale. Ziwerengero za boma lawo zimaonetsa kuti moto wa m'nyumba tsopano umatulutsa tinthu tosalala tambiri kuposa mapaipi a galimoto. Mu 2021 boma linachita kuletsa kugulitsa nkhuni zaziwisi m'timitolo ting'onoting'ono ku England. Nditawerenga zimenezi ndinaika foni pansi kaye. Agogo anga anakhala moyo wawo wonse akulakalaka kuthawa moto wa nkhuni, ndipo kwina kuli munthu akuulipira ndalama zambiri kuti ukhale chokongoletsa.

Mu Juni, mukadzuka m'mamawa ku Blantyre n'kuyang'ana kumunsi kuchokera pamtunda uliwonse, mumaona chinsalu chotuwa chitayala pamwamba pa Ndirande ndi Mbayani, chosasuntha mpaka dzuwa litakwera. Ndi chivundikiro chomwe chija, chaching'ono chabe. Pansi pake pali mbaula masauzande, zinyalala zotenthedwa kuseri kwa nyumba, ndi maminibasi amene anakalamba kale kumayiko ena asanabwere kuno. Lamulo la nkhalango limaletsa kuwotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo, ndipo tonse taonapo njinga zolandidwa ndi matumba okhuthulidwa pa rodibuloko. Tonse tadyanso nsima yophikidwa pa makala omwewo madzulo ake, kuphatikizapo wolanda njinga uja.

Dzulo magetsi anazima nditangotereka nyemba. Gasi anandithera sabata yatha ndipo mwezi uno ndalama yodzazitsira palibe, ndiye ndinatuluka kukagula kajumbo ka makala pa mphambano, n'kukoleza mbaula pakhonde ndi pepala la pulasitiki monga timachitira tonse. Ndikukupiza moto ndinayang'ana m'mwamba. Ndakhala m'nyumba ino chaka chimodzi ndi miyezi inayi, ndipo khoma la pamwamba pa malo amene ndimaika mbaula layamba kale kuda, banga lozungulira ngati la pa mapepala aja. Alandilodi akadzaliona adzati ndipente ndekha.